Tony anatsala pa Zobue

Ku Lirangwe kuno munthu akamwalira ku Joni, achibale amayamba alira kaye, kenako n'kufunsa ngati a January ali pakhomo. Bambo amenewa anasamala maluwa a azungu ku Joni zaka khumi ndi zisanu, n'kubwerako ndi wailesi, chifuwa chosatha ndi pasipoti. Pasipotiyo ndi imene inawapatsa ntchito yokatenga maliro.

Bokosi limabwera m'ngolo yokokedwa ndi basi, pamodzi ndi mafiriji ndi zikwama za amalonda. Pa boda iliyonse a January ankatsika, n'kugogoda ngoloyo, n'kumuuza malemuyo pamene afika. "Pano ndi pa Beitbridge, tikuwoloka, musatsale." Pa Nyamapanda chimodzimodzi, pa Zobue, mpaka pa Mwanza. Ankati mzimu sudziwa njira, ukapanda kuuzidwa umatsalira pamene basi inaima. Ife tinkawaseka kuti akalamba akucheza ndi ngolo, ndipo akazi awo, mayi Fyness, ankadandaula kuti akufa amamva mawu ambiri kuposa iwo. Koma maliro akatigwera, tonse tinkathamangira komweko.

Chaka chatha anakatenga Tony, mwana wawo yekhayo, amene anamwalira ku Joni komweko atagwa padenga akukhoma malata. Pa Beitbridge anamuuza. Pa Nyamapanda anamuuza. Pa Zobue anawachedwetsa mu ofesi chifukwa chidindo cha pa kalata ya maliro sichinkaoneka bwino, kunja dalaivala akuliza hutala, anthu akulalata. Anatuluka chothamanga n'kukwera basi ikuyenda kale. Anadzakumbukira atafika pa Mwanza kuti pa Zobue sanamuuze Tony. Anagogoda ngolo ija, ndipo akuti inangomveka ngati mgolo wopanda madzi.

Tony tinamuika bwinobwino, abusa analalika, kwaya inaimba. A January sanagwetse msozi, anangoti takwirira matabwa. Zokatenga maliro anasiyira pomwepo.

Masiku ano mwezi ukatha amavala jekete, kukwera minibasi ya ku Mwanza, n'kuwolokera pa Zobue kukaima pamene basi ija inaima. Ine ndinakumana nawo akubwerera, titakwerana pa Zalewa, ndipo kuseka kwanga konse kuja kunandichititsa manyazi, mtima unandiwawa. Anali atakhala kuwindo, mpando wa pambali pawo uli wopanda munthu, minibasi itadzaza thothotho. Kondakitala anandiloza kuti ndikhale pomwepo.

A January anaika dzanja pampandopo. "Pepani achimwene, pali mwana wanga. Mwina lero wakwera."