Ma headphone a ulusi wofiira

Anzanga, Gilford ndinakumana naye mu 1996 mumsika wa Lilongwe, nditatsala pang'ono kutaya ndalama zanga.

Achimwene anga a Chawanangwa posamukira ku Mzuzu anandisiyira Walkman, koma yopanda ma headphone. Ine ndinkaimba alto mu kwaya yathu ku Area 25, ndiye ndinkafuna kumamvera makaseti a practice. Tindalama tanga ta ma freezes tinali tochepa, togulira kamodzi basi.

Ndinatola ena onyezimira ngati golide.

"Sisi, amenewo ndi a sabata imodzi," anatero mnyamata wogulitsa makaseti pa benchi yoyandikana.

"Nanga inu zikukukhudzani?" Ine pakamwa sindichedwa.

Anangoseka, n'kuika kaseti mu Walkman yanga.

"Musamatengeke ndi kuwala. Nyimbo ikulira, pindani waya apa pakhosi, pafupi ndi kapulagi. Mawu akamadukaduka, asiyeni. Mukatero mverani khutu lililonse palokha."

Nditapinda, agolide aja anayamba kutsokomola pompo!

Tinayesa ambiri mpaka tinapeza ena akuda a second hand, oipa nkhope, waya wonenepa, siponji yakumanzere yong'ambika. Pinda uku, pinda uku, nyimbo osagwedezeka. Mtengo wake unali wotsikanso. Kunyumba ndinasoka siponji ija ndi ulusi woyera, pakhosi n'kukulungapo ulusi wofiira wa juzi yakale ya amayi.

Mnyamatayo ndiye anali Gilford, ndipo chikondi chinayambira pamenepo.

Lamlungu masana ankabwera kuchokera ku Kawale. Tinkakhala pa kalavati, kupotoza mbali imodzi ya ma headphone, mitu kugundana, khutu limodzi iye, limodzi ine. Pofuna kusunga mabatire, kaseti ankaibweza ndi bolopeni akundiyang'ana m'maso.

"Tisunge, iwe ndiwe wanga mpaka kale."

Ndinamukonda mnyamata ameneyu anzanga, sindinama.

Tsiku lina anati akupita ku Dedza kukaona mayi ake. "Ndibwereke ma headphone, babie. Anga afa, ndipo ulendo ndi wautali."

Ndinamupatsa osaganiza kawiri.

Atabwerako, nkhope ili yachisoni ngati wachokera kumaliro.

"Pepa Tisu... aja anaduka pakhosi. Koma ona, ndakugulira nyuwani."

Anatulutsa agolide. Omwe aja!

Mtima unangoti phwii. Aduke pakhosi, pomwe ndinapinda ndekha n'kukulungapo ulusi? Ndipo munthu amene anandiphunzitsa kukana golide ndi amene akundipatsa golide?

"Ndipatse odukawo, ndikalumikizitsa."

"Ndinataya."

Ndinangoti chabwino. Sabata isanathe, khutu lakumanja linafa. Alto ndinkaimvera mbali imodzi, mtima ukuwawa mbali zonse.

Loweruka lina kwaya yathu inakaimba ku Biwi. Pobwerera ndinakwera minibasi yopita mtauni. Kutsogolo kwanga kunakhala mtsikana woluka bwino, akugwedeza mutu, Walkman pamwendo. Maso anga anatsatira waya mpaka pansi.

Ulusi wofiira!

Ndinamukodola paphewa. "Asisi, ma headphone abwinotu awa."

"Thanks! Anandigulira boyfriend wanga, Gilford. Akuti ndi ochokera ku Joni."

"Ku Joni amakulunga ulusi wa juzi ya amayi anga? Taonani siponji yakumanzereyo. Ndinasoka ndi ulusi woyera, mfundo ili mkati."

Anavula, n'kuitembenuza. Mfundo ija anaipezadi.

"Ine ndine Jenifer," anatero. "Anandiuza kuti alibe wina."

"Inenso."

Tinatsika limodzi pa depoti, ulendo wa kumsika. Gilford atationa tikubwera mogundana mapewa, kaseti imene anagwira inagwa pansi.

"Tisu... Jeni... let me explain..."

"Explain chiyani, bwana wa ku Joni?" anatero Jenifer. Anatenga ma headphone aja n'kundiveka ine kumutu, mavenda onse akuona.

Ine ndinatulutsa agolide m'chikwama n'kumuikira pa benchi.

"Tapindani pakhosi timve, aphunzitsi."

Msika unafa ndi phwete! Wina mpaka anaimba likhweru. Gilford anangoti zyoli, osadziwa woyamba kumupepesa.

Mu minibasi ya ku 25 ndinalira, sindibisa. Ndinalira mpaka mayi wina anandipatsa mpango. Koma nyimbo inkamveka makutu onse awiri, bwinobwino, ndipo mawa lake kutchalitchi alto ndinaikoka mpaka a kwayamasitala anatembenuka.

Ma headphone aja anaiika m'manda Walkman ija, n'kugwiranso pa wailesi ya amayi zaka zingapo. Gilford sanathe ndi chaka chomwe.

Ndiye anzanga, kaya ndi katundu kaya ndi munthu, musathamangire kunyezimira ndi mawu okoma. Yambani mwayesa. Ine waya ndinauyesa, wondiphunzitsa kuyesayo ndi amene ndinangomunyamula osamupinda.