Mota Yanga ndi Alamu a ku Malowera

Mkazi wanga atamwalira, abale ake anandisudzula bwinobwino, popanda mawu oipa. Ndinamanga makasu, mphasa ndi karadiyo kumbuyo kwa mota, njinga yanga yamoto, n'kubwerera kwathu, kumudzi wa m'mbali mwa msewu wopita ku Fingowe. Ana athu anali atakula kale. Wamkazi ali pabanja ku Tete, wamwamuna amangotsata kumene kwamveka ntchito. Kwathuko ndinapeza anthu amene ndinakula nawo atatha, ena ali kumanda, ena anatsalira ku Zambia kumene tinathawira nthawi ya nkhondo. Ndinamanga kanyumba m'mphepete mwa munda wa malemu mayi anga, n'kumakhala ndekha ndi mbuzi.

Munthu akasudzulidwa, chibale cha kuchikamwini chimazilala ngati moto wa mapesi. Mumadzangoonana pamaliro. Koma ine ndi mlongo wamkulu wa mkazi wanga sitinatayane, ndipo chimene chinatigwira ndi mota.

Alamu anali munthu wamtali, wa mawu aakulu, mlimi wa chimanga ndi mtedza kufupi ndi Malowera. Mota zathu tinagula chaka chimodzi titagulitsa thonje, zonse zofiira, za mtundu umodzi. Kuno munthu akagula mota amafuna kuti izimudyetsa, anyamulirepo anthu, matumba, ngakhale nkhumba yomanga miyendo. Ife tinagula chifukwa chongozikonda. Anthu ankatinena kuti tikuwotcha gazolina pachabe, ndipo sankanama.

Loweruka likakwana, ine ndinkapita kwawo kapena iwo ankabwera kwanga. Tinkayala thumba pansi pa mtengo wa mango, kuyalapo mashavi omasulira, ndi kuyamba kutsuka tcheni chimene kuno timati korenti, kusintha oliyo, kumanga chilichonse chimene msewu wagwedeza. Nthawi zina panalibe chowonongeka, koma tinkamasulabe. Alamu anakhalitsa ku Zambia kuposa ine, ndiye zitsulo ankazitchula mwa kumeneko.

"Alamu, tandipatsirani pulagiyo."

"Kuno kulibe pulagi," ine ndinkatero. "Kuli vela."

"Nanga ikamathetheka m'katimo imayankhula Chipwitikizi?"

Tikamaliza tinkakwera n'kupita kosadziwika. Tsiku lina tinatsika mpaka cha ku Chipera kukangoona madzi, n'kubwerako ndi nsomba zouma zochepa zimene tikanatha kugula pamsika wakwathu. Panjira sitinkayankhula, injini ndi zimene zinkayankhulana. Ndikamva yawo kumbuyo kwanga ndinkadziwa kuti zonse zili bwino.

Chaka china m'nyengo yopalira, alamu anagwa m'munda. Kuchipatala anati ndi tirombozi, matenda ofa ziwalo. Anabwerako mkono ndi mwendo wa kumanja zitafa, pakamwa patapotoka. Mawu onse anathawa, kunatsala amodzi okha: "basi." Akafuna madzi, basi. Akakana, basi. Akandiona ndikufika, basi, uku maso akuseka. Ndinapitako kangapo, kenako mvula inakula, mitsinje inadzaza, ndipo msewu wa ku Malowera unasanduka phala. Ndinakhala kwathu kudikira kuti kuume.

Mvula itatha, mota yanga inayamba matenda amene ndinali ndisanawaonepo. M'mawa inkalira bwinobwino ndikangoponda kamodzi. Ndikayenda kamtunda, inkayamba kutsokomola, kubanika ngati munthu womwa madzi mothamanga, kenako zii. Ndinkatsika, kutsegula thanki kuti ndione ngati gazolina alimo, n'kupeza alimo wambiri. Ndinkatseka, kukhala pansi pang'ono, kuponda, mota n'kulira ngati sinalakwepo. Kutsogolo pang'ono, zomwezo.

Ndinasintha vela. Ndinamasula karburadori yonse, kuitsuka, kupemerera timabowo take ndi pakamwa mpaka milomo kuwawa ndi gazolina. Ndinachapa siponji ya mpweya. Ndinalondola mawaya onse ndi zala kufunafuna poduka. Palibe chinasintha. Ndinapita nayo kwa mekaniko wina ku Fingowe, munthu wotanganidwa ndi mota zonyamula anthu. Anaikwera, kuzungulira msika, n'kubwerera ikulira bwino.

"Madala, mota iyi ilibe vuto," anatero. "Mwina ndi gazolina wa m'mabotolo, ena amathiramo madzi."

Ndinakhuthula thanki yonse, kuthira wina. Pobwerera kwathu inazima pakati pa tchire.

Ndimakumbukira kukhala pamwala tsiku limenelo, mota ili chilili pambali panga, injini ikuthetheka pozizira. Panalibe munthu, koma njiwa zokha. Chimene chinandiwawa sichinali kuwonongekako. Zitsulo zimawonongeka. Chinandiwawa n'chakuti ndinalibe womuuza. M'mudzi mwathu ndikanena za karburadori, anthu ankamvetsera mwaulemu n'kufunsa ngati sindingaigulitse ndigule ng'ombe. Ndikafika kunyumba ndinkapezeka ndikufotokozera mbuzi. Mawu amene ndikananena kwa alamu ankangozungulira m'kamwa, mpaka mayankho awo ndinkadzipangira ndekha.

Loweruka lina ndinati zivute zitani ndipita ku Malowera. Ndinanyamuka m'mamawa. Mota inazima panjira mobwerezabwereza, moti ndinafika dzuwa litapendeka, malaya atanyowa, nkhope ili fumbi lokhalokha.

Alamu anali pampando pakhonde, nsalu ili pamiyendo. Anali ataonda. Mota yawo inali m'kachisakasa pafupi ndi nkhokwe, yofunditsidwa matumba, nkhuku itaikira mazira pansi pake. Akazi awo, amene mwa chibale chathu ndimawatcha alongo, anandipatsa madzi n'kundifunsa chimene chandichedwetsa. Ndinayamba kuwafotokozera iwowo, poti ndiwo anafunsa. Ndinanena za kutsokomola, za vela, za mekaniko. Iwo ankangoti "pepani, alongo" uku akusenda chinangwa.

Ndili m'kati mofotokoza ndinamva mpando ukugogoda. Alamu anali akumenya dzanja lamanzere pamtengo wa mpando.

"Basi! Basi!"

Ndinaganiza kuti ndawasokosera, ndiye ndinaleka kufotokoza. Iwo anamenyanso mwamphamvu, akuloza mota yanga, kenako kuloza pansi patsogolo pawo. Ndinaikankha mpaka pakhonde.

"Alamu, ndi vela?" ndinafunsa, chala chili pamenepo.

Anapukusa mutu. "Basi."

"Bobina yopereka moto ku vela? Ikatentha ikutaya moto?"

"Basi."

"Nanga mpope wa gazolinawu?"

Anayamba ngati akuvomera, kenako anapukusanso. Ndinaloza ichi, ndinaloza icho. Iwo pakamwa pankagwedera, khosi litatupa mitsempha, mawu akuoneka kuti ali pafupi koma osatuluka. Malovu anatsikira pachibwano. Anatenga kapu imene inali pambali pawo n'kuiponya pabwalo, nkhuku n'kubalalika. Ndinaona misozi.

"Alongo, musawatopetse," akazi awo anatero motsitsa mawu, akuwapukuta pakamwa. "Akakwiya chonchi sadya."

Ndinachita manyazi. Ndinagwira zogwirira kuti ndiichotse pamaso pawo. Koma alamu anandigwira malaya, ndipo dzanja limenelo linali lidakali ndi mphamvu ya khasu. Anandikokera pafupi, n'kumenya pamwamba pa thanki kawiri. Kenako anazunguza dzanja m'malere ngati akutsegula chinthu, nasonkhanitsa milomo yawo yopotokayo movutikira.

"Psss."

Ndinawayang'ana. Anabwerezanso. "Psss." Analoza njira ya kudambo, n'kuzunguza chala kuti ndipite ndibwere.

Ndinakwera. Ndinathamanga nayo kudambo, kubwerera, kupitanso, mpaka inayamba kutsokomola, n'kudzazimira pafupi ndi nkhokwe. Ndinaikankha msangamsanga kufika pakhonde. Alamu anaika chala pamilomo kuti tonse tikhale chete, n'kupendeketsa khutu. Ndinazunguza chitsekero cha thanki pang'onopang'ono.

Psss.

Thanki inakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Kaphokoso kameneko ndinali nditakamva nthawi zonse ndikatsegula panjira, koma maso anga ankakhala pa gazolina, osati makutu. Pachitsekero pamakhala kabowo kakang'ono kolowetsa mpweya kuti gazolina azitsika. Kanali katatsekeka ndi fumbi lofiira losakanikirana ndi dzimbiri. Mota sinkadwala, inkangobanika. Ndipo kutsegula kwanga kuja ndi kumene kunkaidzutsa, osati kupuma.

"Alongo, tibwerekeni singano," ndinatero.

Atabweretsa, alamu anatambasula dzanja kuti ndiwapatse iwowo. Ine ndinagwira chitsekero ndi manja awiri pamaondo awo, iwo n'kumatokosa ndi lamanzere. Singano inkaphonya, kamodzi inandibaya chala. Sindinasunthe. Patapita nthawi kadothi kanatuluka. Ndinapemerera, mpweya n'kudutsa. Alamu anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope, mpaka kutsokomola. Akazi awo anaima pakhomo, mpeni uli m'manja, akuti kuyambira pamene anagwa anali asanawamve akuseka.

Atapuma analoza kachisakasa. Ndinachotsa mazira, kufundukula matumba, n'kuitulutsa mota yawo. Matayala anali ataphwa, mpando utachita nkhungu, gazolina wa m'thanki akununkha ngati vanishi. Ndinapopa, kukhuthula, kugawako wa mu yanga. Inakana nthawi yaitali, mwendo wanga mpaka kuwawa. Pamene inalira, utsi wakuda unadzaza bwalo lonse. Ndinaikankhira pafupi ikulira choncho, alamu n'kuika chikhatho pathanki. Anakhala atagwira, maso ali kumsewu.

Chilimwe chonsecho ndinkapitako Loweruka lililonse. Ndinkayala thumba pakhonde m'malo mwa pansi pa mango, n'kumakonza mota ziwiri ndekha, iwo akuyang'anira. Ndikamanga korenti mopitirira ankagogoda mpando. Ndikatenga shavi yolakwika ankagogoda. Ndinkawayankha ngati ayankhula, ndipo nthawi zina tinkakangana ndithu. Ndikamaliza ndinkakwera yawo kuzungulira mudzi kuti isaiwale msewu. Ndinaganizapo zowakweza kumbuyo, kuwamanga ndi nsalu m'chiuno mwanga, koma alongo anakana, ndipo sanalakwe.

Mitambo itayamba kusonkhana, mwana wawo wamwamuna amene anakhazikika ku Petauke, ku Zambia, anabwera. Anati amayi ake sangathenso kunyamula munthu wamkulu okha, msana wawo watha, ndipo kumene iye ali chipatala chili pafupi. Panalibe wotsutsa. Anapeza kamiyau, lole yobwerera kumalire, n'kuyala matiresi kumbuyo. Ine ndi iye tinawanyamula alamu kuwakweza. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu. Ndinawatsatira pa mota m'fumbi la kamiyauyo mpaka pamtsinje woyamba, pamenepo ndinaima. Alongo anakweza dzanja. Alamu anali atagonekedwa chagada, moti sindikudziwa ngati anandiona.

Mota yawo mwanayo anandifunsa ngati ndikuifuna. Ndinaganiza za mota ziwiri zofiira zitaima pakhomo panga, wokwera mmodzi, ndipo ndinakana. Anaigulitsa kwa mnyamata wonyamula anthu. Ndimakumana nayo nthawi zina pamsika, itasenza anthu atatu ndi thumba la chimanga, magalasi onse atathyoka. Ndimaizindikira isanaonekere. Tsiku lina ndinamuimitsa mwiniwakeyo n'kumuuza kuti korenti yalekerera, idzamugwetsa.

"Ndamva, madala," anatero, maso ali kwa munthu amene ankamukodola kutsidya kwa msewu.

Kuseri kwa mudzi wathu kuli kaphiri kamene foni imagwira. Ndimakwerako ndi mota kamodzikamodzi n'kuimbira alongo. Tikapatsana moni amaika foni pakhutu pa alamu, ine n'kumawauza kuti ndasintha mabuleki akutsogolo, kuti mlatho wa matabwa uja unakokoloka, kuti oliyo wa masiku ano sachedwa kuda. Ndimamva kupuma kwawo ndi tambala wa ku Zambia akulira chapatali. Kenako alongo amatenganso foni n'kunena kuti amva, ndipo tsopano atopa.

Mota yanga ikuyendabe. Loweruka ndimaitulutsa, kuitsuka ndi madzi a pachitsime, kudzoza korenti, n'kupita kumene msewu ukulola. Ntchito zambiri munthu amatha yekha. Imene imavuta ndi kuchotsa tayala lakumbuyo, chifukwa choimikira chapakati chinathyoka kalekale, ndipo pamafunika wina wogwira kuti mota isagwe. Mwezi wathawu minga inaboola kamara, chubu cha m'tayala limenelo. Ndinayang'ana m'mudzi, anthu onse ali kumunda. Ndinamasula chingwe cha mbuzi, kuchiponya panthambi ya msuku wa kuseri kwa nyumba, kumangirira kumbuyo kwa mota n'kukoka mpaka tayala linasiya nthaka. Inalendewera pamenepo ikugwedezeka pang'ono ndi mphepo. Ndinakhala pansi, n'kuyamba kumasula.