Tsiku Limene Ndinafuna Kuwoloka Kafue Wapansi

Fungo la nsomba zouma pamsika wa Kanyama limandikumbutsa tsiku limene amayi ananditenga kokagula nsomba kumudzi wa asodzi, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Mitengo inali itangophuka masamba, mvula isanagwe. Tinyumba tinali topendekeka, mabwato obooka atagadama pamchenga.

Nditaona madziwo, ndinawamvera chisoni anthuwo: chigumula chawo chinali chisanaphwebe! Ndinavula nsapato, n'kukwinya diresi monga tinkachitira kwathu ku Kanyama madzi akasefukira, n'kuyamba kuwoloka.

Msodzi wina anandikoka dzanja. "Iwe mwana, muli ng'ona umu!"

"Batate, ise ku Kanyama timapitamo chabe," ndinawayankha monyada.

Lero chisonicho ndimadzimvera ndekha. Madzi awo amawabweretsera nsomba, athu amatibweretsera matewera a aneba.