Mafunso a Mayi wa ku Joni

Lolemba lililonse m'mawa tinkasonkhana mu ofesi ya abwana, laputopu ili pakati pa tebulo, kuti tiyankhe mafunso a akuluakulu a kampani yathu amene ankakhala ku Joni. Tinkagulitsa chakudya cha nkhuku. Ine ndinali kalaliki wolandira maoda, ndipo Chizungu ndinkachidziwa. Kusekondale aphunzitsi ankandiimika kutsogolo kuti ndiwerengere anzanga zimene ndalemba. Lamlungu masana kwathu ku Chilomoni ndinkalemba mayankho m'kope, n'kumawaloweza ndikusita malaya.

Koma funso silinkabwera mmene ndalikonzekerera. Wofunsayo anali mayi wina wolankhula mothamanga, mawu otulukira m'mphuno, netiweki nayo ikudukaduka. Akangonditchula, ndinkalakatula zimene ndinaloweza zija, zigwirizane ndi funso kaya zisagwirizane.

Amene ankandiwawitsa mtima anali bambo wina woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, wa ku Nsanje koma wokhala ku Bangwe. Sukulu analekezera Fomu 2. Chizungu chawo chinali chothyokathyoka, koma manyazi analibe. Akafunsidwa, ankasendeza nkhope pafupi ndi laputopu n'kupempha mayiyo kuti abwereze pang'onopang'ono. Kenako ankalinenanso okha funsolo kuti atsimikize ngati amva bwino, n'kuliganizira kaye. Poyankha, timawu tisanu basi. Mayiyo ankawerama n'kulemba. Zonena ine sankalemba.

Tsiku lina mayiyo anafunsa chimene chinachedwetsa oda ya ku Machinjiri. Nkhaniyo inali yanga, ndinkaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndikadali kusanja mawu m'mutu, bambo aja anali atayamba kale: mvula, msewu, lole inatitimira m'matope, kasitomala anadikira masiku awiri. Kasitomalayo anali mzimayi, koma iwo anati "he".

"She," ndinatero mokweza.

Abwana anandiyang'ana modutsitsa maso pamwamba pa magalasi.

"Thank you, teacher," anatero bambowo akumwetulira, n'kupitiriza nkhani yawo. Mayi wa ku Joni anaseka, ndipo ndinadziwa kuti wosekedwayo sanali iwo.

Pa nkhomaliro bambo aja anandipeza pa chiwaya kunja kwa geti.

"Achimwene, inu Chizungu muli nacho chambiri," anatero akuwaza mchere pa tchipisi. "Vuto lanu mumafuna chituluke chonse nthawi imodzi, ndiye chimapanikizana pakhomo. Ine changa n'chochepa, ndimachitulutsa chimodzichimodzi."

Ndinaseka nawo, koma ndinkalakalaka akanandikalipira, kuti ndipeze chifukwa chenicheni chodana nawo. M'minibasi yopita kwathu ndinkangobwereza mumtima yankho limene ndikanapereka, lomveka bwino, lopanda cholakwika, koma lopanda wolimva.

Patapita miyezi iwiri, kampani inafuna munthu mmodzi woti akaphunzire ku Joni kwa sabata imodzi. Mayi uja anatchula bambo aja. Mafomu a ulendowo ndinawalembera ndine, chifukwa anabwera nawo okha patebulo langa, akuti zilembo zanga n'zooneka bwino. Ndinalemba mosamala.

Pobwera ananditengera kapu ya tiyi yojambulidwa nyumba zitalizitali za kumeneko. Ndinailandira ndi manja awiri, ndinathokoza pamaso pa anthu onse. Kunyumba mkazi wanga anaiyamikira n'kuiika m'kabati, ndipo chinatha chaka ndisanamweremo.