Tizingwe ta m'nkhama

Ine mpanda ndimaudziwa. Funsani aliyense amene anakhalako ku Eriya 10 njerwa zisanafale, akuuzani amene ankamanga mipanda ya bango yosagwa ndi mphepo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 2, koma pa nkhani ya chinthu chozikika pansi palibe anandiphunzitsapo. N'chifukwa chake za mano a mdzukulu wanga ndinazilankhula mosakayika.

Ndimakhala kwa mwana wanga wamkazi ku Eriya 4. Iye amagwira ntchito ku Kapitolo. Mwana wake, mtsikana wa Fomu 2, anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, dzino lina n'kupotoka. Kwathu mtsikana wa mpata anyamata ankamulimbirana, koma kusukulu kwake ankamuseka mpaka anazolowera kuseka ataphimba pakamwa. Mayi ake anapita naye kwa dokotala wa mano ku City Centre, komwe anamumanga mawaya owongola mano.

Zaka ziwiri ndinkasuzumira m'kamwa mwa mwanayo. Dzino ndi lozikika m'fupa, nanga limayenda bwanji? Koma linayenda ndithu ndikuona, mpata n'kutsekeka. Atamuchotsa mawaya anamupatsa kapulasitiki kovala m'mano pogona, akuti ritena. Kankamutulutsa dovu ndipo ankadana nako.

“Taya ako,” ndinamuuza. “Ine mzati ndikaukwirira n'kuupondera dothi, mchirikizo ndimachotsa. Ntchito yatha iyi.”

“Koma adokotala anati...”

“Adokotala anaimikapo mizati ingati?”

Anakaponya m'dirowa.

Patapita miyezi ingapo, Lamlungu lina tikuchokera ku tchalitchi, mwana anaseka ndipo mayi ake anamugwira chibwano. Mpata unali utayambanso, dzino lopotoka lija likubwerera kwawo.

“Ritena ili kuti? Zaka ziwiri ndikupempha kuntchito kuti ndikuperekeze, iwe n'kuchita ulesi? Sindipitanso nawe. Ukhala choncho!”

Mwanayo anangowerama. Za ine sanatchule ngakhale pang'ono. Ine ndinafuna kuulula, koma mawu anatuluka ena.

“Dokotalayo ndiye wagwira ntchito yosalimba. Ndipita naye ine ndikamufunse.”

Lachitatu tinakwera minibasi ya ku City Centre. Dokotalayo anali mayi wachitsikana, wamagalasi. Ndinayamba ndili pakhomo.

“Adokotala, kwathu mpanda ukapendama chaka chisanathe, womanga amabwerera yekha osaitanidwa!”

“Agogo, tsitsani mawu, mundithawitsira odwala. Khalani apa. Mumamanga mipanda?”

“Ndinkamanga inu musanabadwe.”

“Chabwino. Bango limodzi mukalikankhira kumbali, linzake limatani?”

“Limatsatira. Zimakhala zomangirirana ndi chingwe.”

“Mukalisiya?”

“Chingwe chimalibweza.”

Anatenga mano a pulasitiki pa tebulo n'kuloza ndi cholembera pamene dzino limakumana ndi nkhama. Anati m'menemo muli tizingwe tosaoneka ndi maso, tochoka pakhosi pa dzino ili kudutsa pamwamba pa fupa kukagwira pakhosi pa linzake, mzere wonse mpaka kuchibwano. Mawaya akamakoka dzino, fupa limasungunuka pang'onopang'ono kutsogolo kwake n'kumera kumbuyo. Fupa silivuta, limavomera malo atsopano. Tizingwe ta m'nkhama ndiye timachedwa. Timangotamuka, kapena kupanikizika, n'kumadikira.

Ndinaiwala kuti ndabwera kudzakalipa.

“Tsono ngati sitioneka, inu munationa bwanji?”

“Pa makina okulitsa zinthu. Ofufuza amayesa pa nyama, makoswe ndi zina.”

“Khoswe kumumanga mawaya? Amakhazikika pa mpando ngati uwu?”

Mdzukulu wanga anaseka mpaka kuiwala kuphimba pakamwa.

“Nanga bwanji osangotidula tizingweto?” ndinafunsa. “Ine chingwe chikamakoka bango ndimadula n'kumanga china.”

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati madokotala ena amachitadi zomwezo pa dzino lopotoka kwambiri, amacheka pang'ono mozungulira khosi la dzino kuti tizingwe timere mwatsopano. Koma ngakhale atero, mano ena amabwererabe, ndipo chifukwa chake chenicheni akuchifufuzabe. Izi zinandikomera kumva, kuti mpeni wanga ndi wawo amaganiza chimodzimodzi, ndiponso kuti pali zimene nawonso sadziwa.

Ndinatsegula pakamwa panga kumuonetsa pamene ndinazulitsa dzino kalekale. Oyandikana nawo anapendamira m'dzenjemo. Ndinkayesa ndi ukalamba. Anati mano sakhala chete moyo wonse, amatsamirana, ndipo limodzi likachoka anzake amasendera.

Kenaka anatembenukira kwa mwana, nkhope itasintha.

“Iwe, ritena unkavala?”

Mwanayo anayang'ana nsapato zake.

“Anasiyitsa ndine,” ndinatero. Ndinafuna kunena motsitsa, koma mawu anga sadziwa kutsika, moti ndi a pabenchi kunja anamva. “Ndinaona mzati, chingwe sindinachione.”

Dokotala anati sizinafike poipa. Mawaya abwerera miyezi yochepa, koma akufuna mayi wa mwana abwere yekha adzavomereze.

Madzulo mwana wanga atatsika basi ya kuntchito, ndinamudikirira pakhonde. Ndinamufotokozera zonse, za fupa, za tizingwe, za makoswe. Anandimvetsera chikwama chili paphewa.

“Bambo, makoswe ndawamva. Anasiyitsa mwana ritena ndani?”

“Ndikubwera komweko.”

“Ndani?”

“Ine.”

Anaitana mwana wake.

“Iwenso, miyezi yonseyi kubisa agogo ako? Lachisanu tipita.” Anatembenukira kwa ine. “Inu mutsala.”

“Ndili ndi funso limodzi lokha loti ndikamufunse.”

“Mundiuze ine, ndikafunsa.”

Ndinamuuza: ngati tizingweto n'tolumikizana mzere wonse, bwanji dzino limodzi likamawawa anzake samva? Analilemba pa foni yake, akupukusa mutu.