Tsiku Limene a Nasoni Anatsitsa Sola

A Nasoni Chimphepo anabwera m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nambuma, m'zaka zoyambirira za matipate. Kwawo kunali ku Kabudula, kuno anadzakhala chikamwini. Anakwatira Kettie, mwana wa a Nabanda, amene nyumba yawo inayang'anana ndi yanga. Kettie ndi ine tinalowa limodzi Chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, choncho banja lawo ndinaliona kuyambira pachiyambi.

Anali munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Ntchito yawo inali yokhoma madenga. Zigafa za fodya zambiri kuno anaimika ndi iwo, ndipo munthu akagula malata ankathamangira kwa iwo. Pamwamba ankayenda ngati ali pabwalo.

Chimene anthu ankawaseka nacho ndi mantha awo pa apongozi. Akamwini ena anali atayamba kale kucheza ndi amayi a akazi awo maso ndi maso. A Nasoni ayi. Akaona a Nabanda akubwera panjira, ankapatukira m'munda ngakhale chimanga chili ndi mame. Mawu onse ankadzera mwa Kettie. Mlamu wawo a Goodson, mchimwene wa Kettie, ankawakuwiza ali patali: "Alamu, tulukani m'chimangamo! Mayi anga saluma!" Iwo ankangoseka n'kukutumula buluku.

Fodya atayamba kugwa mitengo, anthu analeka kumanga. A Nasoni anapita ku Lilongwe kukasaka ganyu, ndipo anakalembedwa pa kampani ina yoika magetsi a dzuwa. Kampaniyo inkafuna anthu osaopa denga. Za mawaya ndi mabatire anaphunzirira pomwepo, ali ndi imvi kale. Ankagona m'kachipinda ka lendi ku Mgona, kumudzi n'kumabwera kumapeto a mwezi. Ulendo wina anabwera ndi sola imodzi, batire ndi mababu, n'kuika m'nyumba mwa Kettie. Amayi tinayamba kukaphunzirira nyimbo kumeneko.

Pa ana awo, amene anakula ndi mmodzi yekha, Tiyanjane. Anamaliza Fomu 4 n'kungokhala pakhomo. Bambo ake akabwera, iye ndiye ankagwira makwerero ndi kufunsa mafunso osatha. Tsiku lina a Nasoni anandipeza ndikupalira pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula zambiri.

"Mayi, ntchito imeneyi ikusowa anthu. Masukulu akufuna, zipatala zikufuna, a minda yothirira akufuna mapampu oyendera dzuwa. Kukampani kwathu atsegula maphunziro a atsikana. Mabwana avomera kuti Tiya akayambe tikakolola."

"Nanga mayi ake?"

"Iwo ndiwo akundikankha. Akuti awauza okha achimwene awo."

Kettie sanawauze. Anadwala chimanga chisanaume, ndipo Mulungu anamutenga tisanakonzeke. Ine ndinaikapo mwamuna, ndikudziwa mmene nyumba imakhalira anthu akabalalika. A Nasoni anapempha tchuthi n'kukhala yekha m'nyumbamo. Tiyanjane anasamukira kwa agogo ake.

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi abale amakumana, amagawa katundu wa malemu, mkamwini n'kumusudzula kuti abwerere kwawo. Ana amatsala m'manja mwa atsibweni awo. Choncho ulendo wa Tiyanjane unali pakamwa pa a Goodson. A Nasoni anakawauza, ndipo a Goodson sanakane. Anangoti, "Mukufuna mwana wa mlongo wanga azikwera madenga ngati nkhuku? Chabwino, tikambirana tsiku losudzula." Ananena akuseka, ndipo tonse tinaona ngati nkhani yatha.

Kutatsala tsiku limodzi, a Goodson analawirira ku msika kukagula mbuzi ya alendo. M'mawa womwewo ndinamva malata akulira. Nditatuluka ndinaona a Nasoni ali pa denga, akumasula sola. Anaitsitsa, anaipukuta fumbi, anakulunga mawaya bwinobwino, kenaka anaika zonse m'katoni n'kumanga ndi chingwe. Kuntchito kwawo amatero, akuti galasi lake silichedwa kusweka.

Ndinapita. "Kodi bambo a Tiyanjane, mukutani?"

"Ndikusamutsa magetsi, mayi. Ndikachoka, nyumba ino itsekedwa. Ndikufuna ndikaike kwa apongozi, asamakhale mumdima."

"Mwawauza?"

Anandiyang'ana modabwa. "Ndiwauze bwanji ine? Ndikudikira atuluke apite kudimba, ndikwere. Sindingaponde denga iwo ali m'kati. Akabwera apeza zayaka."

Ndinathamangira kwa a Nabanda, koma mawu anali atanditsogolera. Amayi amene anali pa mjigo anaona munthu pa denga, anaona katoni yomanga, n'kumaliza okha nkhani. Katundu wa malemu sakhudzidwa abale asanakhale pansi. Ndinawapeza a Nabanda akulira m'chipinda, akuti dothi la pamanda silinaume koma mkamwini wayamba kale kusasula nyumba. Ndinafotokoza zimene ndinamva. Anapitiriza kulira. Tsiku limenelo sanatuluke, ndipo a Nasoni anakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, katoni ili pambali pawo, anthu akudutsa n'kumaona.

Mawa lake tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ku Kabudula kunachokera a Tomasi, akulu awo a Nasoni, amene anali ankhoswe pa ukwatiwo. Tinapemphera. A Goodson sanadikire kuti alendo apume.

"Alamu, katundu mwamanga bwino. Chatsala n'chiyani, malata? Nenani tikuthandizeni kuzula misomali."

A Nasoni anafotokoza, maso ali pansi, mawu ochepa. Ine ndinapempha kulankhula ndipo ndinachitira umboni kuti zomwezo anandiuza dzulo lake, wina aliyense asanawafunse.

"Ndamva, mayi," anatero a Goodson. "Mwina n'zoona. Koma alamu, pakamwa panali potupa? Ine ndinafa? Ndinangopita ku msika, simukanandidikira?"

A Tomasi analowererapo. "Walakwa, a Goodson, sitikukana. Uyu ndinakula naye, amaganiza ndi manja. Ngati ndi nkhuku tipereka. Koma mwana asalipire mlandu wa bambo ake."

"Mwanayo ndiye nkhani. Munthu amene sanafunse pa sola, adzafunsa pa mwana? Tidzangomva kuti wakwatiwa ku Area 25, ife tikudya mphekesera."

Anthu ena anaseka. Ndinaona pa nkhope ya a Goodson kuti ukali unali utayamba kutha, koma anali atalankhula kale pagulu, ndipo usiku wathawo anali atalonjeza amayi awo kuti mwanayo sachoka. Tiyanjane anagwada patali pang'ono.

"Atsibweni, ine ndimafuna ndikaphunzire. Amayi anavomera."

"Amayi ako ali kuti kuti tiwafunse? Khala chete, akulu akulankhula."

Pamenepo a Nabanda, amene anakhala chofulatira atafunda chitenje kumutu, analankhula kwa ine, osati kwa mkamwini wawo. "Muwauze kuti wanga ndaika m'manda. Uyu akhale, ndizimuona."

Nkhani inathera pomwepo. A Nasoni anasudzulidwa masana omwewo. Anapatsidwa zovala zawo ndi chikwama cha zipangizo. Katoni ija anakaisiya pakhomo pa a Goodson. Tiyanjane anawaperekeza mpaka pa msewu, ndipo pobwera analowa m'nyumba mwanga n'kukhala pansi. Ndinamuphikira tiyi, sanamwe.

Ndakhala ndikufunsa Ambuye ngati a Goodson akanavomeradi pakanapanda za denga zija. Sindikudziwa. Mwina nkhalamba ikanakana ndithu. Koma ndinaona chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo ndinachiona chikutsekeka.

Malo a Tiyanjane ku maphunziro aja anatenga mtsikana wina. Tiyanjane anasamala agogo ake mpaka anamwalira, kenaka anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Chiwamba. Ali ndi mwana wamkazi. Amalima mtedza ndi soya pa munda umene unali wa mayi ake.

A Nasoni adakali pa kampani yomweyo. Maondo anayamba kuwavuta, ndiye anawaika kuti aziphunzitsa ongoyamba kumene. Chaka chatha ndinakumana nawo m'tauni, ndikuchokera ku msonkhano wa amayi. Anali atavala ovolosi, ali ndi atsikana awiri onyamula makwerero. Anavula chipewa, tinapatsana moni wautali. Anafunsa za mvula, za tchalitchi, za mlamu wawo. Za mwana wawo anafunsa pomalizira, basi yanga itayamba kuliza hutala.

"Mukamuuze kuti masiku ano ku maphunziro kuja akutenganso amene ali ndi ana. Chipinda ndinapeza chokulirapo. Sindikumukakamiza, mungomuuza."

Ndinamupeza Tiyanjane akusenda mtedza, mwana ali kumsana. Ndinamuuza mawu onse monga ndinawalandirira. Manja ake anaima. Anafunsa ngati bambo ake anenepa kapena aonda, ndinati aonda. Anafunsanso kuti maphunzirowo amayamba mwezi wanji.

"Tikakolola," ndinatero.

Anayang'ana mulu wa mtedza umene unatsala.

"Ndiyambe ndawafunsa bambo a mwanayu," anatero. "Mudzandiperekeze, mayi. Ndekha sindingathe kuyamba."

Ndinamulonjeza kuti tidzakalankhula nawo amuna akewo Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.