Wamopu ndi Timabokosi ta Pensulo

Inu amene mukuona ngati zanu zinaima, tamverani za mayi wina amene kuntchito ankangomuitana kuti Wamopu.

Tsiku limene mwana wake anamutchula kuti "amayi aang'ono" pafoni, Wamopu anali m'kachipinda kosungiramo matsache, atakhala pa ndowa yovundikira. Anayankha bwinobwino, n'kumuuza mwanayo kuti azimvera. Atadula foni anakhala pomwepo mpaka madzi okolopera anazizira.

Mwanayo anali wake, wobereka yekha, kamtsikana ka zaka zisanu. Bambo ake anasowa mwana asanayambe n'kukwawa komwe. Ntchito yokolopa pa kampani yotumiza maphukusi inkayamba m'bandakucha n'kutha dzuwa litalowa, ndiye mwana akanamusiya ndi ndani? Achemwali ake a Wamopu, amene ankakhala m'tauni ina yakutali, anamutenga. Kumeneko ana a achemwaliwo ankati Wamopu ndi amayi aang'ono, ndipo kamwanako kanangotengera anzake. Sikanalakwe ayi. Koma kauzeni mtima wa mayi zimenezo, muone ngati ungamve.

Achemwaliwo sanali munthu woipa, kungoti sankadziwa kukulunga mawu. Sabata yomweyo anaimba foni.

"Alamu ako awasamutsa kuntchito. Chaka chikatha tikupita kutali kwambiri, ndipo mwanayu tipita naye. Pokhapokha upeze ntchito yoti uzimuona masana ngati mayi. Apo ayi, usandivutitse."

Inali itatsala miyezi isanu ndi itatu.

Tsiku lina Wamopu anapeza buku m'bini ya mu ofesi ya makompyuta. Linali lophunzitsa anthu oyamba kumene kulemba mapulogalamu, chikuto chitathothoka, masamba ena atamwa tiyi. Musaganize kuti Wamopu ankakonda makompyuta. Sukulu anailekera panjira, ndipo kompyuta ankaidziwa poipukuta fumbi basi. Chimene chinamukoka n'chakuti anthu a mu ofesi imeneyo ankafika dzuwa litakwera n'kuweruka lisanalowe. Analipukuta bukulo ndi epuloni n'kuliika m'chikwama.

M'bukumo munali tizidutswa ta khodi, ndiye kuti malangizo afupiafupi olembedwa kale, oti ukawataipa kompyuta imachita zimene waiuza. Vuto linali kompyutayo. Anakapempha kwa a Makiyi, bambo wachikulire woyang'anira chipinda chosungira maphukusi, amene anali ndi chikompyuta chakale cholira ngati chigayo.

"Pa nthawi ya nkhomaliro uzigwiritsa ntchito," anatero a Makiyi. "Bola usachikolope."

Anataipa kachidutswa koyamba, kompyuta inamupatsa moni. Anataipa kachiwiri, inaphatikiza manambala. Patatha milungu itatu Wamopu ankayenda ngati munthu wodziwa zinthu, ndipo apa m'pamene anadzinamiza. Masamba ofotokoza ankawadumpha, maso ake ankangosaka tizidutswa toti akopere. Anali pachangu. Usiku uliwonse ukadutsa, mwana ankasendera kutali.

A Makiyi ankavutika m'mawa uliwonse kulemba pamanja maphukusi a dalaivala aliyense. Wamopu anatenga tizidutswa titatu, anatilumikiza, n'kupanga pulogalamu yogawa maphukusiwo. Anaiyesa ndi maphukusi asanu ndi awiri, inagwira bwino. A Makiyi anauza aliyense wodutsa pakhomo kuti ali ndi katswiri wawowawo.

Lolemba maphukusi anachuluka. Dalaivala aliyense analandira pepala lake n'kunyamuka, koma papepala lililonse panali maphukusi khumi okha. Chitsanzo cha m'buku chija chinali cha dengu la zipatso khumi, ndipo nambalayo inali m'kati mwa kachidutswako. Wamopu anaikopera limodzi osadziwa ntchito yake. Maphukusi onse opitirira khumi anatsala pa mashelefu masiku awiri, ndipo m'limodzi mwa amenewo munali diresi la ukwati.

Abwana anawakalipira a Makiyi pamaso pa madalaivala onse. Bamboyo sanatchule Wamopu, anangoweramitsa mutu. Koma masana anamuitana.

"Mwana wanga, ine ndatsala pang'ono kupuma pantchito. Usandichotsetse ndi manyazi. Kompyuta ija usaikhudzenso."

Wamopu anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi. Bukulo analiponya pansi pa bedi. Lamulungu anaimbira mwana, ndipo mwanayo anamuuza mosangalala kuti dzino lake laguluka, ndipo amene analikoka ndi amayi aakulu. Wamopu anaseka naye pafoni. Atadula anakhala akuganiza za kadzino kamene sanakaone, ndi kampata kamene sakudziwa kuti kali mbali iti ya m'kamwa. Anamusowa kwambiri mwanayo. Anagwada pansi n'kulitulutsa buku lija.

Ulendo uno anayambira pa mutu umene anaudumpha chifukwa munalibe zokopera. Mutuwo unkati usanapatse kompyuta pulogalamu, uyambe wayendamo wekha ndi pensulo. Chinthu chilichonse chimene pulogalamu ikusunga uchijambulire kabokosi. Uwerenge mzere umodzi, ulembe m'kabokosi zimene zasintha, ufufute zakale, upite pa mzere wina. Mwachidule, ukhale kompyuta iwe mwini.

Ntchito yake inali yotopetsa, ndipo sindikukometserani. Pulogalamu imene makina amaimaliza munthu asanaphethire, iye inkamudyera nthawi yonse ya nkhomaliro. Ankajambula timabokosi m'basi, kope lili pa bondo, basi ikagwa m'dzenje nambala n'kupita m'kabokosi kolakwika. Ankafufuta mpaka pepala kubooka. Tsiku lina anayenda m'pulogalamu yake ija ya maphukusi, ndipo atafika pa la khumi anaona ndi maso ake pulogalamu ikuima, ena onse ikuwasiya. Palibe anamuuza. Analigwira yekha vutolo, m'kachipinda kopanda kompyuta.

Miyezi isanu inatha choncho. Anzake okolopa ankamuseka kuti akulemba kalata yaitali yosatumiza.

Kenako pakhomo la ofesi ya makompyuta panamatidwa pepala lakuti akufuna wophunzira ntchito mmodzi. Wamopu anapereka dzina lake, ndipo mlembi anamufunsa kawiri ngati wamva bwino zimene zalembedwa.

Mayeso anali mafunso asanu, ola limodzi. Anzake olemba nawo mayesowo, asanu ndi mmodzi, anali ochokera ku makoleji, zala zawo zikugwa pa mabatani ngati mvula padenga. Ankasaka tizidutswa pa intaneti n'kumamata. Wamopu anakweza dzanja n'kupempha mapepala. Wina anaseka chapansipansi. Ola litatha iye anali atamaliza mafunso awiri okha. Anatuluka, anavala epuloni yake, n'kukakolopa chipinda chomwecho chimene analemberamo mayeso. Mumtima anali atayamba kale kukonza mawu otsanzikira mwana.

M'mawa mwake mayi woyang'anira za makompyuta, amene onse ankawatchula kuti Madamu, anamupeza pakhonde atanyamula mapepala a Wamopu a mayeso aja.

"Timabokosi iti n'tachiyani?"

"Ndimayamba ndayendamo ndisanakhulupirire, Madamu. Ndinasiyitsapo maphukusi chifukwa chokopera zinthu zimene sindinazimvetse."

"Ndiwe wa diresi la ukwati uja?"

"Ndi ineyo."

Madamu analoza papepala. "M'funso lachiwiri tinaikamo dala kachidutswa kodumpha kasitomala womaliza. Anzako onse anakatenga momwemo n'kupitirira. Iwe wekha unalemba m'mbali kuti womaliza watsala. Changu ndikuphunzitsa ine, n'chosavuta. Ubwere Lolemba 8 koloko, mopu uusiye."

Sanasanduke bwana ayi. Anali wotsiriza mu ofesi yonse, ntchito yake kuyesa mapulogalamu a anzake asanawatulutse, ndipo ena sanasiye kumuitana Wamopu. Koma 5 koloko ikakwana ankatseka kompyuta n'kutuluka kunja kukuwala. Tsiku loyamba anaima pageti osadziwa chochita ndi dzuwa lonselo.

Achemwali ake anabwera naye mwanayo kutatsala milungu iwiri kuti asamuke. Wamopu anafika pokwerera basi molawirira, atanyamula nsapato zofiira zimene anagula kuti amulandire nazo. Mwanayo anatsika, wamtali kuposa mmene ankamuganizira, ndipo anabisala kumbuyo kwa siketi ya achemwaliwo. Wamopu anagwada pa simenti, anamuvula patapata n'kuyesa kumuveka nsapato. Chidendene chonse chinatsala kunja. Anayesa inayo, chimodzimodzi. Anali atagula za phazi limene analisiya zaka ziwiri zapitazo.

"Ukanafunsa saizi, iwenso," anatero achemwali ake, koma mawu awo anali ofewa.

Wamopu anagwira kaphaziko ndi manja onse awiri, misozi ikugwera pa nsapatozo. Kenako mwanayo anafunsa motsitsa mawu.

"Muzipita kuntchito ine ndikadali m'tulo?"

"Ayi, mwanangu. Wokudzutsa ndizikhala ine."

Mwanayo anasiya siketi ija. Anatola nsapato zosamukwanazo n'kuzikumbatira pachifuwa, dzanja linalo anapatsa mayi ake.

Zaka ziwiri zija sizinabwerere, ndipo sindikunamizani kuti zidzabwerera. Koma zotsalazo ndi zawo. Ngati nanunso pali amene mukumusowa, ndipo njira yokafika kwa iye ikuoneka yaitali moti mukufuna kudumpha masamba, musadumphe. Mukalakwitsa pamaso pa anthu, bwererani mukayambirenso. Mzere umodzi lero, wina mawa. Mtima wokhawo musautaye.